Tsoka ili limanunkha: kalata kwa oyang'anira misewu ya dziko lino

Kwa olemekezeka a Nduna ya za Mtengatenga,
kwa Mkulu wa Apolisi,
kwa akuluakulu a nthambi ya Road Traffic,
kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi oyendetsa makhonsolo athu.

Mabwana ndi madona,

Ndakupatsani moni mwaulemu. Ine ndine bambo wachikulire wa ku Ntcheu, dalaivala wopuma pantchito. Chiwongolero ndachigwira zaka 31, poyamba pa minibasi, kenako pa mathiraki opita ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Sukulu sindidapite nayo patali, koma msewu ndimaudziwa, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi ya pamsewu. Ndalemba m'Chichewa mwadala, kuti amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa phula ndi anyamata a kabaza nawo awerenge zimene ndikukupemphani, poti ndiwo akuthera pamsewupo.

Chaka chatha, Loweruka la kumathero a mwezi, mwana wa mlongo wanga ankachokera kumsika kumene ankagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1. Dzuwa linali litangolowa. Adali atasenza dengu, akuyenda kunja kwa mzere wachikasu, kumene munthu wapansi amayenera kuyenda. Galimoto yaing'ono idasiya msewu wake wonse n'kukamupeza komweko. Paphula panalibe ndi kamzere komwe kosonyeza kuti munthu adaponda buleki. Adatsirizika tili m'njira yopita naye kuchipatala, m'galimoto ya munthu wachifundo wongodutsa, mutu wake uli pamiyendo panga. Adasiya ana awiri, wamkulu ali mu Sitandade 3, wamng'ono atangosiya kuyamwa.

Tisananyamule wovulalayo ndidamuona dalaivala uja. Adali atakhala pansi, atatsamira tayala, akulira. Adali bambo wooneka bwino, wa ntchito yake mumzinda, munthu woti mutakumana naye kutchalitchi mungamupatse mpando wakutsogolo. Nditawerama kuti ndimufunse chimene chachitika, fungo lidandimenya kumaso. Pansi pa mpando wa galimoto yake panali mabotolo, ena opanda kanthu, limodzi lotsala theka. Makolo athu adati tsoka silinunkha. Mwambi umenewu ndaumva pa maliro ambiri a pamsewu, ndipo pa maliro a kwathu nawo udanenedwa. Koma ine ndidalipo. Tsoka limeneli linkanunkha, ndipo lidayamba kununkha kutali, kumene munthuyu adakwerera galimoto yake. Lidayenda mtunda wautali likununkha, n'kudutsa anthu ambiri, popanda wolifunsa.

Usiku umenewo palibe adamuyeza mpweya kapena magazi. Pofika m'mawa fungo linali litatha, ndipo umboni udapita nalo limodzi. Nkhani imene idatsala inali yakuti kunali mdima, nyali za galimoto ina zidamuthobwa m'maso. Sindikuloza chala munthu aliyense amene adagwira ntchito pamalopo, chifukwa munthu sangayeze ndi chipangizo chimene alibe.

Tsono ine ndine mwinimbumba. Abale a dalaivala uja atabwera kusiwa, adafunsa za malume a malemu, ndipo ndidakhala nawo pamphasa ndine. Adabwera modzichepetsa. Adagula bokosi, matumba awiri a ufa, nyemba, shuga ndi mafuta a galimoto yonyamula anthu. Adati, "Pepani, zachitikazi ndi ngozi, tiyeni tikambirane pachibale." Mlongo wanga analibe ndi mphamvu zoyankhula. Panyumba panalibe ndalama ya bokosi. Ndidavomera. Mpaka lero ndikagona ndimadzifunsa ngati sindidagulitse mwana wathu ndi matumba awiri a ufa. Patatha miyezi itatu ndidamuona munthu yemwe uja akudutsa pamsika womwe uja, m'galimoto yomwe ija, atangosintha galasi lakutsogolo.

Musandiyese munthu woyera amene akuweruza anzake. Inenso ndidayendetsapo galimoto nditamwa, kambirimbiri. Pa ulendo wautali tinkauzana kuti kabotolo kamodzi kamathamangitsa tulo. Pa minibasi tinkati kamachotsa manyazi ndi mantha, kuti uthe kulimbirana okwera ndi anzako. Mawu amene timanena madalaivala mumawadziwa, mwina ena mwa inu mudawanenapo: "Ine ndikamwa m'pamene ndimayendetsa bwino." "Galimoto yanga imadziwa kwawo." "Ndangolawa awiri basi." Chimene chidandisiyitsa ine ndi tsiku lina pa mapiri a Chiweta, pamene ndidadzidzimuka thiraki ili m'mphepete mwa phompho, osakumbuka makona awiri amene ndinali nditadutsa kale. Tsiku limenelo kukadakhala mwana pamsewu, bwenzi wotsamira tayala uja ndili ine. Zaka zonse zimene ndinkamwa ndikuyendetsa, m'dziko muno palibe ngakhale tsiku limodzi limene wina adandiuzitsa mpweya m'kachipangizo.

Chimene mowa umachita kwa dalaivala n'chodziwika, sichifuna kulosera. Umayamba ndi kuba chiweruzo, mwendo usanayambe kudzandira. Munthu amadzimva katswiri pa nthawi yomwe ukatswiri wamuchokera, ndipo n'chifukwa chake amalumbira kuti akuyendetsa bwino. Maso amaleka kuona za m'mbali, amangoona kutsogolo ngati munthu wosuzumira m'paipi. Nyali za galimoto yobwera zikakuthobwa, maso amachedwa kubwerera. Phazi limachedwa kuchoka pa moto kupita pa buleki. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi yokha, kutalika ngati thiraki ndi ngolo yake. Sekondi imodzi imeneyo ndi imene mowa umaba, ndipo m'mamita 22 amenewo mumakhala mayi wosenza dengu. Komanso woledzera salabada za liwiro. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu wapansi wogundidwa pa liwiro la 65, mwayi wake woti afe umaposa kanayi wa munthu wogundidwa pa liwiro la 50. Pamisika yathu ya m'mbali mwa M1, ku Lizulu, ku Tsangano, ku Kampepuza, ku Zalewa, anthu amakhala ngati akugulitsira pa phula penipeni.

Ziwerengero mumazidziwa kuposa ine, koma ndiloleni nditchule chimodzi. Lipoti la WHO la chaka cha 2015 lidaika Malawi pa nambala 3 padziko lonse pa imfa za pamsewu, kumbuyo kwa Libya ndi Thailand, ndi anthu 35 pa anthu 100,000 alionse. Ndiye kuti pa nthawiyo ankafa anthu oposa 5,000 pa chaka, pafupifupi 15 pa tsiku, minibasi yodzaza tsiku lililonse limene Mulungu walenga, m'dziko limene galimoto zake n'zochepa poyerekeza ndi maiko ena. Si onse adaphedwa ndi mowa, zimenezo ndikuvomera. Alipo ophedwa ndi maenje, matayala akutha ndi katundu wopyola muyeso. Koma ndikufunseni: mwa anthu amenewa, ndi angati adaphedwa ndi dalaivala woledzera? Yankho lenileni lingachoke kuti ngati sitiyeza? Mwana wa mlongo wanga m'mabuku mwanu adalembedwa kuti adafa pa ngozi ya mdima.

Apa m'pamene pagona pempho langa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe masana, munthu umaimitsidwa kangapo. Amakufunsa laisensi, inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino), amayang'ana matayala, amawerenga okwera, nthawi zina amafunsa za chozimira moto ndi mathiraiyango. Zonsezi n'zabwino, sindikuzinyoza. Koma nthawi ya 10 koloko m'mawa oledzera ambiri ali kuntchito kapena ali m'tulo. Nthawi yawo ndi Lachisanu ndi Loweruka, kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, makamaka malipiro akangotuluka. Pa nthawi imeneyo msewu umasanduka wopanda mwini. Aliyense wokhala ku Lilongwe akudziwa mmene galimoto zimadzazira pa malo omwera mowa a ku Bwandilo usiku wa Lachisanu, ndipo wa ku Blantyre akudziwa za pa Kamba. Galimoto zimenezo sizigona pamenepo. Iliyonse imanyamuka ndi mwini wake pakati pa usiku, ndipo tonse timadziwa chimene mwiniyo wakhala akuchita kuyambira madzulo. Pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, midipiti ya galimoto imatsikira ku Salima ndi ku Mangochi ndi mabokosi a mowa kumbuyo, ndipo madzulo imabwerera yopanda kanthu, mowa uli m'mimba mwa oyendetsa. Palibe chobisika apa. Mlenje amene akudziwa kumene nyama zimamwera madzi sakatchera msampha kumsika.

Ndikupempha kuti kachipangizo koyezera mowa mu mpweya, kamene ena amakatcha breathalyser, kakhale chida cha tsiku ndi tsiku cha wapolisi wa pamsewu, monga mmene lilili buku lake la malisiti. Kasakhale kotulutsa pa Khirisimasi pokha, atolankhani akabwera ndi makamera, kenako n'kubwerera mu kabati mpaka chaka chamawa. Kakhale ndi timapaipi take tokwanira, kazikonzedwa pa nthawi yake kuti khothi lizikakhulupirira, ndipo apolisi ogwira usiku azipatsidwa galimoto, mafuta, nyali ndi ndalama yawo ya usiku. Aliyense woimitsidwa aziuzira, kaya akuoneka woledzera kaya ayi, chifukwa chidakwa chozolowera chimadziwa kuyankhula mwaulemu pawindo kwa mphindi imodzi. Malo oimitsira azisinthasintha, poti rodibuloko yokhazikika aliyense amadziwa njira yoizembera.

Chimene chimaletsa munthu kuyendetsa atamwa ndi kudziwa kuti lero akhoza kugwidwa. Izi ndidaziona ndi maso. Ife madalaivala omwe aja amene tinkamwa kuno kwathu, tikawoloka pa Beitbridge kulowa mu South Africa tinkasanduka anthu ena. Kumeneko malire a dalaivala wamba ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo kwa ife oyendetsa galimoto ngati ntchito ndi 0.02. Tinkadziwa kuti ukagwidwa ugona m'chitokosi, thiraki ndi katundu wa eni zitsala panjira, ndipo ntchito yatha. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino, nakonso anthu amafa kwambiri ndi mowa pamsewu. Ndikungonena za mtima wanga: mantha ogwidwa ankandigwira dzanja pamene ulaliki udalephera. Ku Australia, chigawo cha Victoria chidayamba kuyeza madalaivala mwachisawawa pamsewu mu 1976, ndipo maiko ambiri adatengera njira imeneyi ataona kuti imachepetsa maliro. Si nzeru yachilendo yofuna kafukufuku wa zaka zisanu.

Kwa inu aphungu, lamulo lathu la pamsewu ndi la 1997, ndipo malire amene limalola ndi 0.08. WHO imalangiza 0.05 kwa aliyense, ndi 0.02 kapena kutsika apo kwa achinyamata ongoyamba kumene ndi oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi katundu. Scotland idatsitsa malire ake kufika pa 0.05 mu 2014, ndipo Sweden ili pa 0.02 kuyambira 1990. Maiko amenewo ali ndi misewu yotakata, nyali usiku ndi ambulansi yofika msanga. Ife amene msewu wathu umodzi womwewo uli ndi thiraki, njinga yonyamula makala, ngolo ya ng'ombe, mbuzi ndi ana a sukulu, n'chifukwa chiyani tikulola munthu kumwa kwambiri kuposa iwo? Munthu wonyamula miyoyo 15 mu minibasi, kapena mafuta malita zikwizikwi mu thanki, asaloledwe ndi dontho lomwe. Ndikunena izi monga munthu amene wadya za ntchito imeneyi moyo wake wonse.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo chiyenera kulowa m'maphunziro a kusukulu zoyendetsa galimoto ndi m'mayeso a laisensi. Mowa suchoka m'magazi chifukwa munthu wagona pang'ono. Chiwindi chimauchotsa pang'onopang'ono, pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Khofi wowawa, kusamba madzi ozizira, msuzi wa mang'ina, kanyenya wa tsabola, zonsezi zimangodzutsa munthu woledzera, sizimusandutsa wosaledzera. Dalaivala amene wasiya kumwa 2 koloko usiku n'kudzuka 5 koloko kukanyamula anthu opita kuntchito ndi ana a sukulu, amati ali ndi matsire chabe, koma akadali woledzera. Choncho kuyeza kwa mbandakucha pa madepoti a minibasi ndi mabasi n'kofunika ngati kwa usiku.

Za chilango ndinena mwachidule. Chindapusa cholipira pamsewu ndi chilango cha amphawi okha. Kwa munthu wa ndalama chili ngati mtengo wa botolo lina. Chimene chimamupweteka dalaivala aliyense, wolemera ndi wosauka, ndi kulandidwa laisensi. Muli ndi makina a MALTIS amene amasunga mbiri ya dalaivala ndi galimoto iliyonse. Wogwidwa ataledzera alembedwe mmenemo, laisensi iimitsidwe, ndipo akabwereza ilandidwiretu, asathe kukatenga ina ku ofesi ya mzinda wina. Galimoto yake igone pomwepo mpaka patabwera munthu wosamwa wodzaiyendetsa. Kumulipiritsa munthu woledzera n'kumubwezera makiyi kuti apitirize ulendo kuli ngati kumugulitsa chilolezo chokaphera munthu kutsogoloko.

Ndipo lamulo likhale la tonse. Pamsewu timaona mmene galimoto yaikulu ya magalasi akuda imadutsira pamene kaminibasi kaimitsidwa. Wapolisi wachinyamata wa pamsewu amaopa mawu aja akuti "Ukundidziwa kuti ndine ndani?" chifukwa akudziwa kuti foni imodzi ikhoza kumusamutsira kutali. Bwana Mkulu wa Apolisi, mwana ameneyu akufunika kumva kuchokera pakamwa panu kuti akauzitsa mpweya nduna, phungu, mkulu wa kampani, m'busa kapena wapolisi mnzake, inu muli kumbuyo kwake. Galimoto za boma nazo timaziona zitaima pa mabala usiku, nambala zake zili poyera. Tsiku limene munthu mmodzi wamkulu adzalandidwe laisensi dziko lonse likuona, madalaivala ambiri adzamva kuposa mmene amvera ndi zikwangwani zonse za m'mbali mwa msewu. Za "ya fanta" zija sindichita kukuuzani. Opereka ndife madalaivala, ndipo inenso ndidaperekapo. Koma ndalama yolandira kwa munthu wa nyali yakufa ndi ina, yolandira kwa munthu woledzera ndi ina: yachiwiriyi ili ndi magazi a munthu amene sanafe, amene pa nthawiyo akadali kuyenda m'mbali mwa msewu kutsogoloko.

Ndibwerere ku mphasa ija ya kusiwa. Mwambo wopepesa pa maliro ndi wabwino, ndipo sindikufuna kuti uthe. Wolakwa abwere, agwade, athandize. Koma bokosi lisamatseke mlandu. Banja lofedwa limakhala losweka mtima ndiponso lopanda kanthu m'thumba, ndipo kulifunsa tsiku limenelo ngati likufuna mlandu upitirire n'kulisenzetsa katundu amene si wake. Mlandu wopha munthu pamsewu ndi wa boma, chifukwa woledzerayo akabwerera pamsewu, wotsatira kugundidwa sadzakhala wa banja lomwe lija. Pakhale lamulo lomveka lakuti pa ngozi iliyonse imene munthu wafa kapena wavulala, oyendetsa onse ayezedwe nthawi yomweyo, ndipo ngati kachipangizo palibe, atengedwe magazi kuchipatala chapafupi usiku womwewo. Zotsatira zake zilembedwe, ndipo chaka chilichonse muzitiuza poyera kuti mwayeza angati, mwapeza angati, ndipo makhothi achita nawo chiyani. Mabanja ofedwa aziuzidwanso za inshuwalansi ya galimoto imene yawaphera munthu. Ambiri kumudzi sadziwa kuti pepala lomata pagalasi lija lilipo chifukwa cha iwo, ndipo ine ndemwe, dalaivala wa zaka 31, ndidalikumbuka mochedwa chifukwa cha chisoni.

Kwa inu a makhonsolo, amene mumapereka ziphaso zogulitsira mowa. Boma lidachita bwino kuletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma mowa waukali uja udangovula pulasitiki n'kuvala timabotolo, amene anyamata amati midoli, ndipo tikugulitsidwa pa madepoti penipeni, pamene minibasi zikudikira kudzaza ndi pamene anyamata a kabaza amaimika njinga zawo. Pitani m'mawa mukaone pansi pa mitengo imene amakhalapo, muwerenge timabotolo totayidwa. Mnyamata wa njinga yamoto amene alibe laisensi, alibe chipewa, wamwa kuti athamangitse chisanu cha mbandakucha, ndiye amene akunyamula mayi woyembekezera kupita kusikelo. Anyamata amenewa sindikuwada. Ntchito kulibe, ndipo njinga imeneyo ikudyetsa mabanja. Koma ali ndi magulu awo, ali ndi matcheyamani awo pa siteji iliyonse, ndipo tcheyamani amadziwa bwino lomwe kuti womwa ndi uti. Khalani nawo pansi, muwapatse udindo, ndipo mowa uchoke pa madepoti ndi pa masiteji.

Eni minibasi nawo, kudzera m'bungwe lawo la MOAM, asatsale panja pa nkhaniyi. Dalaivala amene wauzidwa kuti madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti, zivute zitani, amayamba 4 koloko m'mawa n'kuweruka usiku, ndipo kabotolo kamasanduka mankhwala a kutopa. Ndidadutsamo, ndikudziwa. Mwini galimoto amene dalaivala wake wagwidwa ataledzera ali ndi okwera, naye aziyankhapo.

Ndikudziwa kuti mudzati ndalama palibe. Koma ndalama zikupita kale, kungoti zikupitira kuchipatala. Lowani m'mawodi a ovulala mafupa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, muone anyamata ogona miyezi ndi miyendo yomangirira zitsulo, aliyense ali ndi womudikirira amene wasiya munda ndi geni kumudzi. Ku Lilongwe kwachita kumangidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo, cha LION, ndipo ambiri amene amafikako ndi a pamsewu. Magazi amene a Malawi Blood Transfusion Service amavutika kupempha m'masukulu ndi m'matchalitchi, ena mwa iwo akuthera pa mabala oti sakadachitika. Wovulala msana amabwerera kumudzi kukagona pamphasa moyo wake wonse. Ikani mtengo wa zonsezi mbali imodzi, mtengo wa tizipangizo ndi mafuta a apolisi a usiku mbali inayi. Ndalama za zindapusa za pamsewu zimene mumatolera tsiku ndi tsiku, gawo lake lingalephere kugula timapaipi touzira?

Sindikuiwala kuti nafenso anthu wamba tili ndi mbali yathu. Timakwera minibasi tikumva fungo kwa dalaivala, n'kungoti Mulungu atitsogolere. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe timamuperekeza mlamu wathu akudzandira mpaka pa chitseko cha galimoto, n'kumuuza kuti ayende bwino. Oyenda pansi ataledzera nawo amagwera m'misewu usiku, ndipo dalaivala wosalakwa amasenza mlandu. Zimenezo tiziuzana tokha kumipingo, kumizikiti ndi m'mabwalo a mafumu, ndipo ine ndayamba kale kwathu kuno. Koma wokwera amene akufuna kudandaula alibe poimba. Tipatseni nambala ya foni yaulere, yolembedwa m'minibasi ndi m'basi iliyonse, imene ikaimbidwa wina aziyankha ndipo galimotoyo iziimitsidwa kutsogolo. Mayi amene wakhala kumbuyo ndi mwana pamsana sangalimbane ndi dalaivala ndi kondakitala payekha.

Dziko lathu lili m'gulu la maiko a United Nations amene adagwirizana zochepetsa ndi theka imfa za pamsewu pofika 2030. Zaka zatsala zochepa. Chaka chilichonse ikamayandikira Khirisimasi timamva pawailesi uthenga wochenjeza, ndipo Januwale akafika timamva chiwerengero cha omwalira, pamodzi ndi mawu akuti zachitika chifukwa cha kuthamanga ndi kuledzera. Mawu amenewo akusonyeza kuti gwero mukulidziwa. Chimene ndikufuna kudzamva chaka chino ndi chiwerengero china: kuti usiku wa Lachisanu lakutilakuti, pa misewu yakutiyakuti, madalaivala angapo adauzira, angapo adagona m'chitokosi, ndipo galimoto zawo zidagona panjira.

Ana awiri aja ndikulera ndine tsopano, pamodzi ndi agogo awo aakazi. Wamkuluyo sukulu yake ili tsidya lina la M1. M'mawa uliwonse ndimamugwira dzanja mpaka pa phula, timayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka. Ndamuphunzitsa zonse zimene ndikudziwa: kuyenda moyang'anana ndi galimoto, kuvala zowala kukada, kusathamanga powoloka. Tsiku lina adandifunsa kuti, "Agogo, nanga amayi adalakwitsa chiyani pa zimenezi?" Ndidamuuza zoona, kuti sadalakwitse chilichonse. Adakhala chete, kenako adafunsa kuti tsono iye atani kuti zisadzamuchitikire. Funso limeneli ndidalephera kuliyankha, ndipo ndalibweretsa kwa inu. Ngati mungafune kuti ndibwere ku ofesi kwanu kapena ku komiti ya Nyumba ya Malamulo kudzafotokoza zimene ndalembazi pamaso panu, ndidzabwera ndi ndalama yanga ya basi.

Ine wanu mwaulemu,

Dalaivala wopuma pantchito,
Ntcheu.